Ukonde Ukaphwa

Chifunga chatsika kale ku Kaning'ina
sikisi koloko isanakwane,
ndipo Nyachirwa, hatchi yofiirira ija,
akupalasa pansi, akufuna udzu wake.

A Chavula sanandiphunzitse ndi mawu ambiri.
Anangogwira dzanja langa
n'kuliika pamwendo wa hatchiyo,
pamene ubweya unakana kumeranso.
"Apa," anatero, "ndi chingwe cha munthu wina
amene ankathamangira minibasi ya ku Luwinga."

Ukonde wodzaza umanamiza.
Umaoneka ngati uli m'mwamba, mimba tuu,
koma ukaphwa pakati pa usiku
umalendewera mpaka m'maondo,
maso ake onse ali yasa, kudikira chiboda.

Ndiye ndimakoka mpaka kukamwa kwake kutsekeke,
n'kupisa chingwe pamphete yapakhoma,
pamwamba, pomwe ndimafika nditaimira zala,
n'kuchitsitsa, n'kuchikoleka kumunsi kwa ukonde,
n'kukokanso mpaka upindike pawiri.
Mfundo ikhale yomasuka ndi kukoka kumodzi:
tsiku la ngozi zala zimanjenjemera,
mpeni umasowa.
Kansonga kotsala ndimakakwirira mu udzu momwemo.
Chingwe cholendewera ndi khwekhwe.

Foni ikulira m'thumba.
Ndi Dokiso, ali pa Katoto, mvula yayamba kuwaza.
Adikire.
Ndiyesanso mfundo ndi thupi langa lonse,
ndimvetsere mano akupukuta udzu mumdima.

Mlonda anandinong'oneza dzana
kuti wothamangira minibasi uja
anali a Chavula omwewo.
Sindinawafunse.
Ndimangowaona m'mawa uliwonse
akuyamba kusisita mwendo umenewo
asanapatse moni aliyense.