Masiku Anayi ku Beira

Magetsi athimanso kuno ku Mufakose.
Ndayatsa kandulo, ndatembenuza kalendala ya chaka chatha,
kumsana kwake ndajambula mizere inayi:
Lachinayi, Lachisanu, Loweruka, Lamulungu.
Mzere uliwonse uli ndi pakamwa, ukufuna ndalama.

Lachinayi ndi la msewu.
Basi ya mbandakucha pa Mbare,
Marondera tidzamudutsa tikusinza,
ku Mutare mazira owiritsa ndi tiyi wa m'fulasiki.
Pachipata cha Machipanda adzatidindira mapasipoti,
madola adzasanduka ndalama za eni dziko
m'manja mwa anyamata a zala zothamanga,
choncho pambali ndalemba mokuza zilembo:
WERENGA KAWIRI.
Chimoio, Inchope, Dondo,
maina amene lilime langa likuphunzira kumene.

Lachisanu ndaunjikapo ngati katundu wa pa ngolo:
tchalitchi chimene amati miyala yake
anakaigumula ku linga lakale la Sofala,
siteshoni ya sitima ya khomo lopindika ngati uta,
hotela yaikulu imene inafa kalekale
koma anthu akuyanikabe zovala m'makonde mwake.
Loweruka, nsanja ya nyali ku Makuti
ndi chombo cha dzimbiri chogona mumchenga pamapazi pake.
Nkhanu zootcha, thumba likalola.
Pa Lamulungu pali liwu limodzi: kubwerera.

Mlongo wanga Fatsani ku Joni
analonjeza za malo ogona.
Foni yake yaloŵa m'madzi sabata ino,
monga imachitira ikamva fungo la lonjezo.

Bambo ali pampando wa pakhomo, ndodo pakati pa maondo.
Zaka makumi atatu ndi ziŵiri ku Lochinvar
akulumikiza mabogi a fodya,
akuwatsanzika ndi mbendera yobiriŵira
ulendo wa kudoko,
koma madzi a mcherewo sanawaponyepo diso.

Ndawaŵerengera zonse, ndikudzimva ngati kalaliki.
Ali duu.
Kenaka: "Bwereza pamene pali Dondo."

"Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, kabudula mmodzi,
ine ndi amalume Sikweya, kuchokera ku Nsanje.
Anatitsitsa pa Dondo usiku
kuti tidikire sitima ya ku Halale.
Kunabwera kamphepo konyowa, ka mchere,
ngati thukuta la munthu amene wangotuluka m'chipinda.
Amalume analoza mumdima ndi chibwano:
madzi aakulu ali apa, mphwanga,
tidzaona pobwerera.
Pobwerera!
Amalume agona ku Warren Hills.
Ine ndi uyu."

Kandulo yadontha pa Lachisanu.
Ndayang'ana maondo awo, ndayang'ana mulu wanga.
Tchalitchi ndachikhwatcha.
Hotela yakufayo idzionere yokha.
Siteshoni ndaisiya, angandidandaule.
Pansi pa Lachinayi ndapanikiza timalemba ting'onoting'ono:
titsike pa Dondo, ngakhale dalaivala akwiye.
Tiime. Tinunkhize.
Zotsalazo tidzakwera kaminibasi.

Loweruka lonse ndalisesa mbee,
ndalembapo: mpando, mthunzi, madzi.

Taŵerenga mapiritsi a kuthamanga kwa magazi,
aŵiri pa tsiku, asanu ndi atatu.
"Ika khumi ndi aŵiri," akutero,
"nyanja saiona mothamanga."
Sindinawauze kuti m'kachitini ka ndalama
mulibe Lolemba.

Atulutsa nsapato za ku ukwati wa Fatsani,
akuzipukuta mumdima ndi sokosi yakale.
Akufunsa ngati munthu amavula akafika,
kapena amayamba wapereka moni.
Sindikudziŵa, Bambo,
inenso ndinabadwira pa Gomo, pakati pa nthaka youma.

Cha m'ma leveni magetsi abwera mwadzidzidzi.
Firiji yatsokomola, yayamba kung'ung'udza pakona.
Bambo aimika dzanja, nsapato ili m'mwamba,
apendeketsa khutu labwino lija.
"Tiyanjane,
kodi imalira chonchi?"