Muderanji, Galu Wakukhola

Ndinakutenga kwa Fombe, kuseri kwa msika wa Ngabu,
ukukwana m'chipewa changa,
kamimba kali tuu ndi njoka.
Anati amako ankabweza okha ng'ombe makumi anayi.
Ndinalipira nkhuku ziwiri, ina yotsimphina.

Masabata oyambawo unali wamkaka.
Ndinkakama mbuzi yamawanga kusanache,
kukupatsa kanayi pa tsiku, pang'onopang'ono,
poti mimba ya mwanagalu ndi bokosi la machesi.
Kenaka phala la mchewere lozizira
ndi mlamba wouma wosinja, minga nditatola ndi zala.
Luwiza ankandiyang'ana cham'mbali:
"Ana ako omwe sunawachotserepo minga."

Pa miyezi inayi unapha mwanapiye.
Sindinakumenye.
Ndodo imangophunzitsa galu kuthawa mwini wake.
Ndinakugoneka pakhomo pa khola,
fungo la ndowe likulowe m'magazi,
mpaka tsiku lina thole linakunyambita khutu
iwe n'kulisiya limalize.

Ndiye likhweru.
Limodzi lalitali: zungulira.
Awiri aafupi: gona pansi.
Tinkayesa pansi pa bwemba, mbandakucha,
dothi lakuchigwa lisanayambe kukazinga mapazi.
Ukakhoza, kachidutswa ka chiwindi.
Ukalakwa, tiyambirenso,
ine, iwe ndi ntchentche.
Unaphunzira kuluma mphepo kumbuyo kwa chiboda,
osati chibodacho.
Unaphunzira kuti pa Shire sitimwera doko limodzi kawiri,
ng'ona imawerenga masiku.

Zaka zako zamphamvu unkadya madzulo,
ng'ombe zitalowa, mpiringidzo utagwa.
M'mawa madzi okha ndi kankute,
galu wokhuta sathamanga m'dzuwa la Okutobala.
Loweruka, fupa la bondo la kwa Jowaki wopha ng'ombe,
la ngongole nthawi zambiri.
Fisi anakudziwa. Anyamata aja ankabwera ndi zingwe usiku
anakudziwanso, mmodzi anasiya patapata.

Chaka chija madzi anafika tili m'tulo,
nyali itazima, ana pamapewa,
likhweru langa linamira m'mkokomo.
Palibe amene anakutuma.
Kutacha tinakupeza pachitunda cha milambe
ndi ng'ombe khumi ndi zisanu ndi ziwiri,
ukunjenjemera, matope mpaka m'makutu.
Zinayi zinapita. Unandiyang'ana
ngati ukufuna kupepesa.
Kumsasa tinalandira mbale imodzi ya nandolo,
Luwiza mwiniwake anakugawira.

Lero pakamwa pako payera ngati thonje la Julaye.
Mano atha, fupa umangolinyambita.
Ndabwerera kumene tinayambira:
phala lofewa, msuzi wa nsomba,
kawiri pa tsiku, minga nditatola ndi zala,
ndipo sakundinenanso munthu.
Khutu lamanzere silimva.
Ndikaimba likhweru umadzuka mochedwa,
miyendo yakumbuyo ikukambirana kaye.

Kudambo sukupitanso.
Ndabweretsa kamwana kena, kamakutu ogwa,
kopanda ulemu, kamakudyera m'mbale.
Dzulo kanathamangitsa thole mpaka pampanda.
Ndisanatsegule pakamwa,
unadzuka pamthunzi wako,
unakagwetsa ndi phewa, n'kukaponda pakhosi mosapweteka,
kenaka n'kubwerera kukagona.

Ine ndinatsala chiimire,
kachiwindi kali m'manja,
osadziwa kuti ndipatse uti.