Chitini cha Agogo Kaphwiti

Mu Harare mulibe nyanja.
Muli Mukuvisi, kamtsinje konyamula majumbo ndi thovu la sopo,
ndipo agogo Lameki Kaphwiti akamawoloka pamlatho
ankasuzumira n'kuseka: "Awanso n'madzi?"

Ankasoka nsapato kuseri kwa Mbare Musika,
zala zitatu zakumanja zitamatana ngati kandulo wosungunuka.
Anyamata oitanira mabasi ankawatcha Mubulantaya,
mtchona wopanda kwawo.
Iwo duu, kumangokoka ulusi ndi mano.

Sadatiuze okha.
Chidaulula n'chitini cha mabisiketi
chimene tidachipeza kunsi kwa bedi, maliro ali m'nyumba:
chiphaso cha msonkho, batani la mkuwa,
mendulo yokulunga m'sokosi,
ndi kalata ya Chingerezi yothetheka m'mapindo.

Kalatayo ikuti usiku wina, kutali ndi mtunda uliwonse,
sitima yankhondo idabayidwa kumimba.
Moto udalowa kumainjini.
Onse akukankhana kukwera makwerero,
Lameki adatsika.
Adatuluka ndi munthu kumsana.
Adatsikanso.
Kachitatu chitseko chidali chitafiira,
adachigwirabe.

Atatu, ikutero kalata.
Koma ine ndikukumbuka kapu yachiwiri ya tiyi
imene ankathira chaka chilichonse mvula yoyamba ikagwa,
n'kuisiya pawindo mpaka kuzizira,
ndi dzina limene ankalifuula kutulo,
losapezeka pa pepala lililonse.
Kalata idawerenga opulumuka.
Agogo ankawerenga wotsala.

Adawapachika chitsulocho pachifuwa, lipenga likulira,
kenako tikiti ya sitima ya pamtunda, basi.
Mumzinda uno, mendulo ili m'thumba,
wapolisi adawatsitsa pakhonde la sitolo
kuti ayende mumsewu ndi njinga.
Zimenezo adatiuzako, akuseka,
ngati nkhani ya munthu wina.

Tsopano ndadziwa chifukwa chake
pulaimasi ikalilima ankatuluka panja
n'kukaima nthawi yaitali, dzanja lili m'khwapa.

Tidawaika kumanda a ku Mbudzi, dothi louma gwa,
zokumbira zikudumpha.
A bungwe la maliro adaimba ya kwathu.
Palibe lipenga lidalira.
Azakhali adafunsa ngati chitsulocho chingagule thumba la ufa.

Ndidachibisa m'nsapato.
M'mawa mwake ndidatsikira pansi pa mlatho,
ndidachiviika, n'kuchipukuta ndi malaya.
Madzi ake ndi omwewo, agogo,
akuda, ofika m'akakolo.
Koma akuti nawonso, akayenda n'kuyenda,
amakafika.