Mtengo Wina Wagwa, Wina Wakwera

Mbawa ija anaidula Lachiwiri.
Pansi pake mpamene Nasibeko ankawotchera chimanga,
ife tikudikira minibasi ya ku Chinsapo.

Lero tili ndi msewu wakuda bii,
wotakasuka, wosalala ngati chipumi cha khanda.
Nyale zake zimayaka ngakhale kwathu kuli mdima.

Pa wailesi akuti mabiliyoni.
Ndinayamba kuwerenga maziro ake pachikwangwani
koma kondakitala anandidula:
Tauni! Tauni! Mmodzi yekha!
Tinali kale anayi pampando wa atatu,
thumba la makala litanditsamira pabondo.

Mtengo wina wagwa, wina wakwera,
kawiri chiyambire dzinja.
Ndiye masiku ena ndimangoliyatsa la wapansi
m'mphepete mwa ngalande.
Amene anajambula msewuwu
anaiwala kuti mzinda uli ndi mapazi.

Akuti kukubwera mabasi akuluakulu
osunga nthawi ngati belu la kusukulu.
Mwana wanga Zondiwe amakhulupirira.
Ine ndimangoona phula likutha mwadzidzidzi
pomwe payambira njira ya kwathu.

Dzulo ndinamuona Nasibeko
mbaula ili pamutu, pakati pa magalimoto,
akuyang'ana uku ndi uku,
kufuna powolokera.