Kachipu ka Miyendo Isanu ndi Itatu

Kuseri kwa golosale ya a Chimphepo, pa Chinkhoma,
ndili ndi kachipinda komwe mawailesi amadzafera.
Eni ake sabweranso.
Ine ndimawatumbula, n'kutola zam'kati,
n'kuzikhomera pa thabwa la shelefu yakale,
chigawo chilichonse ndi mabowo ake.
Ichi chimalira, ichi chimasefa kulirako,
ichi chimangokwera n'kutsika pang'onopang'ono
ngati chifuwa cha munthu amene wagona.
Pakati pake pali nthambo zofiira ndi zachikasu,
ina ndinadula ku tchaja ya mlamu wanga,
mpaka lero akuifunafuna.

Sabata ino ndamanga woweruza.
Kachipu ka miyendo isanu ndi itatu,
msinkhu wake ngati nkhupakupa yokhuta.
Mwendo wina ndimaupatsa malire,
kupotokola mpaka singano ya mita
itaima pa ziwiri ndi theka.
Mwendo winawo umalandira magetsi aliwonse obwera.
Akadumpha malire, kababu kayaka: inde.
Akaperewera, mdima: ayi.
Mawu oti "kwangotsala pang'ono"
kameneka sikanawamvepo.

Ndimakadziwa kuyambira kale.
Ndinakaona ndili mnyamata, ku okushoni kutsidya kwa msewuko,
katavala jasi loyera, cholembera pakhutu.
Kanasolola tsamba limodzi m'belo la bambo anga,
kulinunkhiza, kuliunika kudenga,
n'kukhwatcha pa tikiti.
Belo linabwerera kumudzi pa ngolo yomwe ija.
Chaka chimenecho Zelipa analekezera Fomu 2.

Madayodi awiri, rezisita imodzi, utsi wa mtovu m'maso,
chipata chatha.
Ichi n'chouma mtima,
sichitseguka mpaka onse awiri afike,
wakumanzere ndi wakumanja, nthawi imodzi,
monga mvula ndi feteleza
zomwe kwathu sizinakumanepo bwino.
Ukatembenuza madayodiwo chimasanduka cha pamaliro,
aliyense wofika, loweni.
Ndiye pali chachitatu, chinandidyera masiku anayi:
mmodzi akabwera yekha chimaimba,
akabwera onse awiri chimangoti duu,
ine ndi mlamu wanga pakhonde la amayi.

Koma Lachinayi usiku
funde laulesi lija linafika pamalire n'kuima pomwepo,
osakwera, osatsika.
Kababu kanayamba kunjenjemera.
Sipika inalira ngati nkhululu yopondedwa mwendo,
inde ayi inde ayi inde,
kambirimbiri ndisanaphethire n'komwe.
Yotamu, mwana wa Zelipa, amene amandigwirira tochi,
anati, "Malume, kakuchita mantha?"

Ndinasanthula m'chitini cha majarini
mpaka ndinaipeza: mzere wa khofi, wakuda, wobiriwira.
Ndinaiwotcherera kuchokera pakamwa pa woweruza
kubwerera ku khutu lake,
kuti azimvako pang'ono zomwe wanena yekha.
Tsopano akati inde, malire amatsikako,
amadikira kuti ugwe ndithu asanakulande.
Pakati patsala kampata kopyapyala
ngati tsamba la fodya louma,
pomwe munthu woperewera pang'ono
amakhalabe m'kati.

Ndinafuna kukulitsa kampatako.
Ndinaganiza za ngolo ija,
ndinatenga rezisita ina n'kuiyang'ana nthawi yaitali.
Koma ukakulitsa kwambiri, woweruza amagontha,
inde wake wa dzana amamumatirira
ngakhale munda utapsa.
Ndinaibwezera m'chitini.

Batire la sola linali litayamba kufooka.
Yotamu, tulo tili m'maso, anazula nthambo yachikasu
n'kuilowetsa bowo lolakwika,
chipata chachitatu kulowa m'chachiwiri.
Ndinatsegula pakamwa kuti ndimukalipire.
Sipika inati du, du-du, kenako chete,
kenako du pomwe sindimayembekezera,
kuyenda kotsimphina koma kosagwa.
Panja wakabaza wina anamanga mabuleki,
phazi limodzi pansi, kumvetsera.

Sindinaizule.
Ndinalemba pa khoma ndi khala:
yachikasu, bowo lachisanu, osakhudza.