Mphuno ya Sienta ya Twaibu

Ndagona chagada pa katoni ya sopo
pansi pa Sienta ya Twaibu,
pano pa Dwangwa, kuseri kwa chigayo.
Dzimbiri likundiwaza m'maso.
Mwiniwake ndikungomuona nsapato,
zoyera mbee, zosayenera galaja ino.

"Chotsani chilatacho," akutero.
"Chikundichititsa manyazi pa siteji.
Ndikangoliza injini, ngwerengwere,
oitanira amati ndanyamula mapoto a pamaliro."

Ndachigwira. Nchopyapyala ngati chivundikiro cha chitini.
Mabawuti anali anayi, atsala awiri,
awiriwonso mitu inadyeka,
sipanala ya teni sakuizindikira.
Ndathira oyilo wakuda, ndadikira,
ndakhoma, ndatukwanako pang'ono.
Lina lamasuka. Lina ladukira m'kati.
Chilata chagwera pachifuwa panga chikadali chofunda.

Ndimafuna kumuuza
kuti chinthu akuchidachi
chagona zaka khumi ndi zitatu pakati pa moto ndi mapazi a anthu,
kuchokera ku Japani, kudzera pa Songwe, mpaka kuno,
msana ku paipi ya utsi,
chosapakidwa utoto, chosatsukidwapo.
Amayi a mabeseni a mpunga akhala pamwamba pake,
ana a sukulu, mkwatibwi, wodwala wa pakati pa usiku,
palibe anafunsa chifukwa chimene pansi sipawotcha.
Chadziwika chaka chino poti chayamba kudandaula.

Koma ndangoti,
"Usamaime pa masangwi a nzimbe.
Okutobala uno udzu sudikira machesi."
Waseka.

Ndikamatuluka, foni ili kale pamphuno panga.
Sefa yofiira psuu, yosongoka, khosi lonyezimira.
"Ilipo ku Malangalanga," akutero.
"Ukaiika, galimoto imabangula."

Ndatsegula boneti,
ndamugwira dzanja, ndaliyandikiza pa injini.
Walibweza ngati waona nkhanira.
Ndati, apa ndi pamene ukufuna ipumire?
Iwe ungagone mutu uli m'uvuni wa njerwa?
Chibokosi chakudachi nchosaoneka bwino, sindikana,
koma taona khosi lake komwe lalowera,
kutsogolo, kuseri kwa nyali,
kukatunga mpweya umene sunapse.
Ndipo lili m'mwamba.
Januwale akabwera, madzi akadutsa pamsewu,
zofiira zakozo ukazitsitsa pansi zidzamwa kamodzi kokha.
Injini siidziwa kumeza.

Ndasolola sefa yakale, ndaigogoda pa tayala.
Mwatuluka chaka chathunthu:
phulusa la minda yotenthedwa,
fumbi la msewu wa ku Matiki,
mapiko a ngumbi, nthenga ya nkhuku ya munthu wina,
kapepala ka switi.
Twaibu wayetsemula, wasuntha nsapato zake.

Bambo anga anadula nzimbe zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi
opanda kanthu pamphuno.
Atapuma ntchito ankakhala pa mpando uwo, wa Hayesi yakufa,
kulavulira m'chitini zakuda bii.
Chifuwa chawo chinkalira ngwerengwere
ndipo ife tinkakweza wailesi.
Izi sindinamuuze Twaibu.
Iye wabwera ndi galimoto.

Wandipatsa theka la ndalama, zina akuti Lachisanu.
Sefa yatsopano ya pepala wagula, monyinyirika,
koma chithunzi chija sanachifufute,
ndamuona akuchikulitsa ndi zala asanalize.
Sienta yatuluka phee, ngati mbala,
yakhotera ya ku Boma,
oitanira sanacheuke nkomwe.

Wogula zitsulo zakutha wadutsa ndi sikelo yake,
waloza chilata ndi phazi.
Ndakana.
Ndadula mawashala awiri aakulu pa chitini cha utoto,
ndawamanga ndi waya pa bowo lodyekalo,
ndalemba nambala ya Sienta ndi msomali,
ndachipachika pafupi ndi malamba a fani.

Tsiku lina mayi wa kumpando wa kumbuyo
adzakweza phazi nkufunsa
kuti patapata wake wafewa bwanji.
Ndasunganso mabawuti anayi m'thumba la ovolosi,
amandibaya ndikagona chagada.