Mchere Wosauma

Kunja ku Porto Alegre kukuzizira,
ine manja ali m'bokosi lagalasi,
m'magolovesi akuda ofika m'mapewa.
M'katimo mulibe mpweya wathu wopumawu.
Kachinyezi kakangolowa pang'ono,
ntchito ya mwezi wathunthu yafera pomwepo.

Tsiku loyamba Arlindo anandionetsa kabotolo.
Amvekere, "Noeli, uwu ndi mchere."
Ndinaseka. Mchere wanji wothira ngati mafuta,
wachikasu, wosauma, wosaphwera pa dzuwa?
Lero ndine ndikuudonthetsera
pa ufa wa silika, mchenga woyera wa timabowo,
mpaka kanjere kalikonse kadzole m'kati,
koma ufa n'kukhalabe ufa, woyoyoka pa supuni.

M'mafuta amenewo ndimo mukhala nkhoswe,
kachitsulo ka nikelo kosaoneka ndi maso.
Gasi wa etilini amalowa ali mbeta zokhazokha.
Nkhoswe imagwira uyu dzanja n'kulipereka kwa uyo,
uyo kwa winanso,
mzere n'kumatalika, zikwi pa zikwi,
iyo mwini wake osakwatira.

Maulendo makumi atatu yandigwiritsa fuwa lamoto.
Ulendo wina inathawa pa mchenga n'kukamata makoma a thanki,
ndinapala ndi mpeni mpaka matuza.
Ulendo wina inangobala phula lonunkha.
Arlindo ankangoyamwa tiyi wake wowawa wa m'chikho,
osanena kanthu, maso pa geji.

Tsono lero, folo koloko m'bandakucha,
singano yayamba kutsika yokha.
Gasi akudyedwa.
Ndakhudza thanki ndi kuseri kwa dzanja: yafunda
ngati mphumi ya mwana.

Ndatsegula. Ufa woyera mbee, wosamata,
magalamu khumi ndi anayi.
Ndalemba nambala m'kope, dzanja likunjenjemera,
ndipo ndayeza kachiwiri, poti sikelo nayo imanama.
Arlindo ndimuuza kukacha. Agone.

Pobwerera ndadzera m'mbali mwa Guaíba.
Mitengo ya kumeneko idakavalabe majumbo
amene madzi osefukira anaipachika,
oyera, abuluu, ong'ambika, akupupuma ndi mphepo.
Ndawadziwa. Ndi abale a ufa wanga uja,
mizere yomweyo, manja ogwirana omwewo.
Ukwati umene nkhoswe yanga imamanga
ndi wosatha msanga.

Ndathothola jumbo imodzi pa nthambi ya m'munsi,
ndaipinda kanayi, ndaika m'thumba la jekete
pamodzi ndi makiyi a labu.
Basi yoyamba ikubwera, nyali zidakali zoyaka.